"Basi, angopita ku ukalipentala": mbiri ya chiganizo chimodzi

Kuno ku Neno, mwana akalemba mayeso a Fomu 4 n'kupeza mapointi osakoma, pali chiganizo chimene makolo amanena motsitsa mawu, ngati akupepesa maliro: "Basi, angopita akaphunzire ukalipentala." Tamvetserani "basi" ameneyo. Muli kugonja m'menemo, muli kamanyazi, muli kuvomereza kuti mwanayu sadzavala taye. Koma makolo omwewo, chitseko chikaguluka, foni ikazima kapena njinga yamoto ikakana kulira, amathamangira kwa yemwe uja "anangopita". Ndipo amalipira ndithu, pomwe mwana wa digiri ali m'nyumba kudikira kuti mwina lero ayitanidwa ku intavyu.

Kwa nthawi yaitali ndakhala ndikudzifunsa kuti kunyoza ntchito zamanja kumeneku tinakutenga kuti. Sitinabadwe nako ayi. Kuli ndi mbiri yake, ndipo mbali ina ya mbiriyo inachitikira pakhomo pathu pompano, m'mbali mwa Shire ndi m'mapiri a Neno.

Tiyambire kumbuyo, choko ndi bolodi zisanafike. David Livingstone atadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo zawo, akusula makasu, nkhwangwa, mipeni ndi mikondo. Anapezanso anthu akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu. Sukulu inalipo, kungoti inalibe belu. Mwana wa wosula ankayamba ndi kupopa mvukuto, maso ali pa dzanja la mkulu, ndipo nyundo ankapatsidwa pokhapokha mkuluyo akaona kuti wakhwima. Mtsikana ankadziwa dothi la mtapo ndi zala zake asanaumbe mbiya yoyamba. Wosula sanali munthu wamba. Khasu linali chuma, linkasinthidwa ndi katundu wina ngati momwe lero timatulutsira ndalama m'thumba. Palibe amene akanati "basi, angopita akasule". Nkhondo za ukapolo, njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, kenako nsalu ndi makasu otchipa ochokera kunja, ndi zimene zinazimitsa ng'anjo zambiri.

Tsopano taganizirani chaka cha 1875. Amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young, akubwera ndi sitima yotchedwa Ilala kuti akakhazikitse Livingstonia kunyanja. Sitima siingakwere mathithi a Shire, mathithi omwewa amene lero akutipatsa magetsi. Ndiye anaiphwasula, zidutswa zake n'kusenzetsa amuna mazanamazana, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, mpaka kumtunda kwa mathithi kumene anakailumikizanso. M'zaka zotsatira, Matope inakhala doko lodziwika, pamene katundu wosenzedwa pamutu ankakwezedwa m'sitima zopita kunyanja. Ine ndikaganizira ulendo umenewu ndimaona chithunzi cha zonse zimene zinatsatira. Makina alowa m'dziko ali pamutu pa munthu wakuda, koma sipanala ili m'manja mwa wina. Funso la zaka 150 zapitazi lakhala lomwelo: kodi wosenzayo adzaigwira liti sipanala, ndipo akaigwira adzalipidwa zingati?

Kunena chilungamo, amishoni oyambirira sanabise sipanala. Iwo ankakhulupirira kuti uthenga wabwino uyenera kuyenda limodzi ndi ntchito ndi malonda, kuti malonda a akapolo afe. Komanso, tisanamizane, ankafuna amisiri otchipa owamangira nyumba. Ku Blantyre Mission, imene inayamba mu 1876, David Clement Scott anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891. Scott sanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo amuna amene anaumba njerwa ndi kuziyala anaphunzira ntchitoyo ali pa ntchito pomwepo. Mukadzapita ku Blantyre, m'malo mongojambulitsa selfie patsogolo pake, tayandikirani khoma muone mitundu ya njerwa zimene zili pamenepo. Chilichonse chinafuna chikombole chakechake. Tchalitchicho chaima zaka zoposa 130, ndipo amisiri ake analibe pepala lililonse. Ku Likoma nako, tchalitchi chachikulu cha St Peter chinayamba kumangidwa mu 1903 ndi manja a anthu a pachilumba pomwepo.

Kumpoto zinthu zinapita patali kuposa apa. Robert Laws atasamukira ku Khondowe mu 1894 anatsegula Overtoun Institution, potengera chitsanzo cha Lovedale ya ku South Africa. Kumeneko mnyamata ankatha kuphunzira uphunzitsi, zaumulungu kapena zachipatala, komanso ukalipentala, kusema miyala, kusindikiza mabuku, kutumiza matelegalamu ndi kukonza makina. Pofika 1905 Livingstonia inali ndi magetsi ake ochokera ku madzi. Chimene chimandisangalatsa pa Overtoun n'chakuti buku ndi nyundo zinali pansi pa denga limodzi. Wosema miyala ankadziwa Chingerezi ndi masamu. Laws ankalota zoti sukuluyo idzakule n'kukhala koleji yeniyeni, koma atachoka mu 1927 malotowo anawaika pambali.

Panali gulu lina la amishoni limene linaika mawu oti "Industrial" m'dzina lenileni la mpingo. Joseph Booth anafika mu 1892 n'kuyambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, ndi cholinga choti mishoni izidzidyetsa yokha ndi ulimi ndi ntchito zamanja. Wantchito wake wa m'nyumba anali John Chilembwe. Chilembwe atabwerako ku Lynchburg, ku Virginia, anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900. Timamukumbukira pa 15 Januwale ndi pa ndalama za pepala, koma kawirikawiri timaiwala mawu apakatiwo m'dzina la mpingo wake. Ku Mbombwe amayi ankaphunzira kusoka, ntchito imene Emma Delany ndi Ida Chilembwe anaigwira, ndipo akhristu anaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chachikulu. Boma la atsamunda litagonjetsa kuukira kwa 1915, linagwetsa tchalitchicho ndi mabomba. Ine ndimati anadziwa chimene ankagwetsa. Nyumba ya njerwa yomangidwa ndi anthu akuda, mwa ndalama zawo, popanda mzungu woyang'anira, inali ulaliki woopsa kuposa wa paguwa.

Booth yemweyo ndiye amatifikitsa kwathu. Malo ena amene anatsegula ku Thyolo, otchedwa Plainfield, anagulidwa ndi a Seventh-day Adventist mu 1902, ndipo mmishonale woyamba kumeneko anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America. Malowo ndi amene pambuyo pake anatchedwa Malamulo. Mu 1908 a Adventist anatsegula mishoni yawo yachiwiri m'dziko muno, ndipo inali kuno ku Neno: Matandani. Patapita zaka makumi angapo, Matandani inadziwika ndi sukulu yake ya ntchito zamanja, kumene anyamata ankaphunzira ukalipentala ndi zomangamanga. Wofufuza mbiri Yonah Matemba analemba buku lathunthu la mishoni imeneyi, ndipo zimandiwawa kuti ambiri a ife amene tinakulira pafupi nayo timangoidziwa ngati dzina la chipatala ndi sukulu. Taganizani, boma limene anthu a m'tauni amaliseka kuti ndi kumapeto kwa dziko, linali ndi sukulu ya amisiri Neno isanakhale n'komwe boma palokha. Pajatu tinapatukana ndi Mwanza mu 2003, dzulodzuloli.

Kwathu kuli tebulo limene linapangidwa ndi mkulu wina amene anaphunzira ku Matandani. Mulibe msomali m'miyendo yake, matabwa amangolumana okha. Ladyerapo mibadwo itatu, lasamukapo nyumba kawiri, ana alikwerapo mpaka kutopa, koma silinagwedere. Tebulo la pa msika limene ndinagula zaka zitatu zapitazo ndalipachika kale kapepala kunsi kwa mwendo. Sindikunena kuti akale anali ndi manja a golide. Kusiyana kwake n'kwakuti mkulu uja anapatsidwa zaka zoti aphunzire, matabwa ouma bwino ndi mphunzitsi womubweza akalakwitsa. Wa pa msikayo anaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, akuthamangitsidwa ndi lendi.

Nanga ngati zinayamba bwino chonchi, zinakhota pati?

Kuti timvetse tiyenera kuwoloka nyanja. Ku America, ukapolo utatha, kunabuka sukulu ziwiri zotchuka za anthu akuda: Hampton, imene Samuel Armstrong anatsegula mu 1868, ndi Tuskegee, imene Booker T. Washington anayamba kutsogolera mu 1881. Mfundo yawo inali yoti munthu wakuda ayambe ndi ulimi ndi ntchito zamanja, za ndale ndi maphunziro apamwamba zidikire. W. E. B. Du Bois anatsutsa kwambiri. Iye sankadana ndi nyundo, koma ankaona kuti azungu ambiri akukonda mfundoyi chifukwa inkaika denga pamwamba pa munthu wakuda: ufike apa, usapitirire. Mfundo ya Hampton inayenda dziko lonse. America italanda Philippines kwa Spain mu 1898, inatumiza aphunzitsi mazanamazana, amene ambiri anafika mu 1901 pa sitima yotchedwa Thomas. Chaka chomwecho kunatsegulidwa Manila Trade School, ndipo m'sukulu za pulayimale ana a ku Philippines ankathera nthawi yambiri akuluka madengu ndi zipewa, kupeta nsalu ndi kulima dimba. Makolo ambiri kumeneko ankafuna ana awo akhale maloya ndi madokotala, ndipo anaona bwino lomwe kuti ana a olamulira sakuluka madengu.

Kwathu mfundoyi inafika ndi bungwe la Phelps-Stokes, limene nthumwi zake zinayendera Nyasaland mu 1924. Mtsogoleri wake, Thomas Jesse Jones, anaphunzitsapo ku Hampton, ndipo m'gululo munalinso James Aggrey wa ku Gold Coast. Uthenga wawo unali woti maphunziro a Mwafrika "agwirizane" ndi moyo wa kumudzi: ukhondo, ulimi, timaluso ta pakhomo. Boma linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunatsegulidwa Jeanes Training Centre ku Domasi, kumene aphunzitsi ndi akazi awo, kenako mafumu, ankaphunzira zoti akatukule midzi. Pa pepala zinali zabwino. Ndani angadane ndi chimbudzi chaukhondo kapena khola labwino la nkhuku? Koma onani kusintha kumene kunachitika. Ku Overtoun mnyamata ankaphunzira makina ndi telegalamu. Tsopano nkhani yasanduka kuluka mphasa ndi kukonza mpini wa khasu, zinthu zimene agogo ake ankadziwa kale kuposa mphunzitsiyo. Nthawi yomweyo dziko lonse linalibe sekondale ngakhale imodzi. Blantyre Secondary School ndi Zomba Catholic zinadza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndipo Dedza inatsegulidwa mu 1951.

N'chifukwa chake mabungwe a anthu akuda, kuyambira North Nyasa Native Association ya 1912 mpaka Nyasaland African Congress ya 1944 imene Levi Mumba anaitsogolera, ankalimbikira kupempha sukulu za boma ndi maphunziro apamwamba. Anthu awa sanali aulesi, ndiponso sankaopa thukuta. Anawerenga malipiro. Kalaliki wa kwa DC ankakhala pa mthunzi, ankamasulira mawu a bwana, ndipo kumudzi ankamuvulira chipewa. Ntchito ya manja, kwa anthu a ku Shire Highlands, inkanunkha thangata. Ndipo mmisiri akati apite kunja kukagulitsa luso lake, ankagunda khoma la khungu. Ku South Africa lamulo la 1922 la maphunziro a amisiri linaika zofunika zimene mwana wakuda sakanazikwanitsa, ndipo ku Southern Rhodesia lamulo la 1934 la za ntchito silinkamuwerenga n'komwe Mwafrika ngati wantchito woyenera kutetezedwa. Munthu wa ku Nyasaland ankatha kuidziwa ntchito kuposa mzungu amene akumuthandizira, koma dzina lake linali "boyi" mpaka imvi. Dzina loti sipanala boyi limene timatchulirana pa galaja lero, mwaona kumene linachokera?

Clements Kadalie ndi chitsanzo cha zimene atsamunda ankaopa. Anamaliza ku Overtoun, anayenda mpaka Cape Town, ndipo mu 1919 anayambitsa ICU, bungwe la antchito limene linagwedeza South Africa m'zaka za m'ma 1920. Munthu wodziwa kuwerenga akakhala pakati pa anthu ogwira ntchito ndi manja, amayamba kufunsa za malipiro. Njira yosavuta yopewera a Kadalie ena inali kulekanitsa ziwirizi: owerenga akhale ochepa, apatsidwe taye, ogwira ntchito akhale ambiri, asawerenge kwambiri. Mpanda umenewu ndi umene tinalandira ngati chuma chamasiye. "Basi" uja wa makolo athu ndi mdzukulu wake.

Ufulu utabwera mu 1964, boma latsopano linafunadi amisiri, chifukwa panali dziko loti limangidwe. Nkula A inayamba kupereka magetsi mu 1966, Tedzani mu 1973, zonse pa Shire, m'malire a Neno ndi Blantyre. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo mzinda wonse unafuna omanga, akalipentala ndi amagetsi. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965 ndi thandizo la America, kenako inakhala mbali ya University of Malawi. Lero ndi MUBAS. Pang'onopang'ono kunakhazikika makoleji asanu ndi awiri a ntchito zamanja amene timawadziwa: Soche, Lilongwe, Salima, Nasawa, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, ena a boma, ena a mipingo mothandizidwa ndi boma. Dongosolo lake linali lomveka. Mnyamata ankaphunzira ku koleji, n'kupita kukagwira pa kampani, n'kubwereranso, ndipo ankakwera masitepe a Trade Test kuchokera Giredi 3, kupita 2, mpaka 1. Ena ankalemba City and Guilds ya ku London. Masekondale ena a boma anali ndi mashopu a matabwa ndi zitsulo. Akuluakulu amene anadutsa njira imeneyi mukawamva akutchula "Giredi wani" amatchula ngati mmene ena amatchulira digiri, ndipo ali ndi chifukwa.

Panalinso a Payoniya. Malawi Young Pioneers inayamba mu 1963, ndi alangizi ochokera ku Israel, ndipo m'makampu ake achinyamata ankaphunzira ulimi wamakono ndi maluso ena. Apa mbiri imavuta kuikamba, chifukwa gulu lomwelo linasanduka chikwapu cha chipani, loima pa zipata za misika kufunsa makadi. Asilikali ataphwasula makampu awo pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, anthu ambiri anapuma. Koma pamodzi ndi mfuti, kunapitanso malo ambiri kumene mwana wa kumudzi wosapita ku sekondale akanaphunzira kanthu. Nyumba zina zinangokhala mabwinja zaka zambiri.

Ndipo pali chinthu china cha nthawi ya Kamuzu chimene sindingachilumphe. Mtsogoleri amene ankalalikira kuti chuma chili m'nthaka ndi yemweyo amene mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kumene ana osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Sindikudana ndi Chilatini, aliyense ali ndi zokonda zake. Koma mwana wa ku Ligowe kapena kwa Dambe ankaona yekha kuti anzeru kwambiri akupita kuti, ndipo otsala akupatsidwa chiyani. Mpanda wa atsamunda uja sunagwe, unangopakidwa penti ya mbendera yatsopano.

Zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zinali zowawa. Chuma chinafinyidwa, makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo kampani imene ikuchotsa antchito siitenga ophunzira ntchito. Makina a m'makoleji anakalamba. Kenako mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira, m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ambiri a ife tinalowa m'kalasi chifukwa cha chimenecho. Koma mtsinje wonsewo wa ana unkathamangira pa khomo limodzi lopapatiza: sekondale, kenako yunivesite. Makomo a m'mbali sanakulitsidwe.

Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo limene linabala TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zamalonda. Ndalama zake zambiri zimachokera kwa olemba ntchito, amene amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo. Chosangalatsa n'chakuti a ku Philippines aja anali atachita zofananazo zaka zisanu m'mbuyo mwake, pamene anakhazikitsa TESDA mu 1994. Ngakhale mayinawo akumveka ngati a pachibale. Koma iwo anapita nazo patali. Satifiketi ya TESDA ya kuwotcherera, kuphika kapena kusamalira odwala ndi pepala limene munthu amakwera nalo ndege kukagwira ntchito ku Saudi Arabia kapena pa sitima za panyanja, ndipo lamulo lawo la 2013 linaika nthambi ya ntchito zamanja m'zaka ziwiri zomaliza za sekondale. Manila Trade School ija lero ndi Technological University of the Philippines. Sindikuti tiwasirire pa zonse. Dziko limene limaphunzitsa ana ake kuti akamange mizinda ya eni, mabanja n'kumalerana pa foni, lili ndi chilonda chake, ndipo ife a Wenela ndi a Teba chilonda chimenecho timachidziwa. Koma mfundo imodzi anaigwira: luso lopanda pepala lodalirika limagulidwa motchipa.

Mu 2015 boma la Peter Mutharika linayambitsa makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ndi lonjezo loti boma lililonse lidzakhale ndi yake. Ena mwa makolejiwo anatsegulidwa m'nyumba zakale zimene zinkangokhala. Palinso sukulu za mipingo ndi mabungwe monga Don Bosco ku Lilongwe ndi Mikolongwe ku Chiradzulu. Ganizo la makoleji a m'madera ndimaligwirizana nalo ndi mtima wonse. Mwana wa ku Neno sayenera kufuna ndalama ya basi, ya lendi ndi ya chakudya ku Blantyre kuti aphunzire kuyala njerwa. Koma koleji ya ntchito zamanja si chikwangwani ndi riboni. Kalasi ya mbiri ingayende ndi choko chokha. Kalasi ya kuwotcherera imadya magetsi, ndodo zowotcherera ndi zitsulo tsiku lililonse, ndipo wophunzira aliyense ayenera kuononga zingapo asanadziwe. Ndi maphunziro odula kuposa a "anzeru" aja, ndipo dziko limene limawaona ngati a olephera silifulumira kuwapatsa ndalama.

Tsono tabwerani tione Neno wa lero. Njanji yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa m'boma lathu m'zaka zoyambirira za m'ma 2010. Anyamata amene ndimawadziwa ine amene anapezako ntchito, ambiri analowa ngati alebala: kukumba, kusenza, kugwedeza mbendera. Ndalama anaziona, ena anagula malata ndi njinga, koma ntchito itatha anabwerera ndi manja omwe aja. Ndikakumbukira amuna a 1875 ndi zidutswa za Ilala pamutu, sindiseka. Magetsi a dziko lino ambiri amachokera pa mathithi a m'malire mwathu, Tedzani IV inawonjezeredwa mu 2021 ndi thandizo la Japan, koma midzi yambiri imene mawaya amadutsa pamwamba pake imagona mu mdima, ndipo mnyamata amene akanakhala wamagetsi akuotcha makala oti akagulitse pa Zalewa. Chipatala cha boma pa Neno ndi cha ku Lisungwi, zimene a Abwenzi Pa Za Umoyo athandiza kumanga ndi kukuza chibwerereni mu 2007, zili ndi makina a mpweya, mafiriji a mankhwala, masola ndi maambulansi oyenda m'misewu yathu yodya matayala ija. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna munthu wochidziwa m'kati.

Pakadali pano sukulu yaikulu ya ntchito zamanja m'boma lino ilibe dzina. Ili pansi pa mtengo wa mango pa Zalewa, pa khonde la telala pa Neno boma, pa benchi ya wokonza mafoni amene mphunzitsi wake ndi YouTube ndi bandulo ya usiku. Ndi sukulu ya mvukuto ija, yabwerera m'zovala zina. Mwana amayamba ndi kutumidwa madzi ndi kutsuka maboti, chaka chonse osalipidwa, mpaka bwana atamukhulupirira. Imaphunzitsa anthu ambiri kuposa makoleji onse, ndipo siifunsa mapointi. Koma ili ndi malire ake. Bwana amakuphunzitsa zimene iye akudziwa, ndi zolakwa zake zomwe. Wowotcherera amagwira ntchito ndi magalasi a dzuwa a pa msika, maso n'kumafiira usiku wonse. Mtsikana akafuna umakaniko amauzidwa kuti apite ku telala kapena ku saluni, ngati kuti injini imafunsa kuti wagwira ndani. Ndipo kontilakitala wamkulu akabwera n'kufunsa mapepala, zaka khumi za luso zimasanduka ziro.

TEVETA ili ndi njira yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi n'kuwapatsa satifiketi ya luso limene ali nalo kale. Kwa ine, pa zonse zimene zachitika chiyambire 1999, imeneyi ndi imene ikanasintha Neno msanga, chifukwa amisiri tili nawo kale, chosowa ndi chidindo. Koma ndikafunsa anyamata a pa galaja, ambiri sanaimvepo, ndipo amene anaimva amawerengera ndalama ya ulendo ndi masiku amene shopu ikhale yotseka.

Kumunsi kwa Tedzani, pa Mpatamanga, kukubwera damu lina, la mamegawati oposa 350, lalikulu kuposa onse amene tili nawo pa Shire. Lidzafuna owotcherera mapaipi, opinda zitsulo za konkire, oyendetsa makina okumba, amagetsi, kwa zaka zingapo. Wowotcherera wodalirika saphunzitsidwa m'mwezi umodzi. Amafuna zaka ziwiri kapena zitatu. Amene adzagwire ntchito zimenezo ndi amene ali m'kalasi kapena pa galaja chaka chino, ndipo mndandanda wa ofunsira ntchito ukadzatsegulidwa padzakhala mizere iwiri, wa amapepala ndi wa osenza.